Etxeberria, dzina la nyumba lomwe linasanduka dzina la anthu

Ku mpira wa ku Spain timu yanga ndi Athletic ya ku Bilbao. Anzanga ambiri ali ku Barcelona ndi Real Madrid, koma ine chinandikoka n'chakuti timuyi imaseweretsa ana akwawo okhaokha, obadwira kapena okulira m'dera la Abasque. Dzina loyamba kuliloweza pa timuyi linali la Joseba Etxeberria, yemwe anavala jezi yawo kuyambira 1995 mpaka 2010, ndipo chaka chomaliza anasewera osalandira malipiro. Dzina lakeli ndi lomwe ndikufuna tikambirane lero, chifukwa limafotokoza bwino momwe mtundu wonsewu unkakhalira.

Abasque amakhala kumadzulo kwa mapiri a Pyrenees, ena mbali ya Spain, ena mbali ya France, onse pamodzi pafupifupi 3 miliyoni. Chilankhulo chawo eni ake amachitcha Euskara, ndipo sichili pachibale ndi Chisipanishi, Chifalansa kapena chilankhulo china chilichonse cholankhulidwa lero. M'chilankhulochi etxe ndi nyumba, berri ndi chatsopano, ndipo chilembo cha a chakumapetocho chimaloza chinthu chodziwika kale. Choncho Etxeberria ndiye kuti "nyumba yatsopano ija". Zilembo za tx zisakuopseni, amazitchula ngati ch wa m'mawu oti chala.

Kuti munthu azitchedwa nyumba, pamafunika kumvetsa kuti nyumba inali chiyani kwa anthuwa. Kumidzi kwawo banja linkakhala m'chinyumba chachikulu cha miyala ndi matabwa chotchedwa baserri. Ng'ombe zinkagona chipinda chapansi, udzu wouma wodyetsa ziweto unkasungidwa kudenga, ndipo munda, dimba la maapozi ndi kankhalango zonse zinali za nyumbayo. Nyumba iliyonse inali ndi dzina lakelake, ndipo aliyense wokhalamo ankadziwika ndi dzinalo. Ngakhale malo a manda m'tchalitchi anali a nyumba, osati a munthu. Mwamuna wokwatira mwana wamkazi wolowa m'nyumba ankasiya kudziwika ndi dzina lakwawo, anthu n'kumamuitana ndi dzina la nyumba yomwe wapezayo. Mayina ambiri a Abasque anabwera motero. Goikoetxea ndi nyumba yakumtunda, Bengoetxea yakumunsi, Elizondo ya pafupi ndi tchalitchi.

Mbali yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya cholowa. Nyumba ndi minda yake sizinkagawidwa. Mwana mmodzi yekha, wamwamuna kapena wamkazi, ndiye ankatenga zonse, kuti malo asaduledule mpaka kulephera kudyetsa banja. Nzeru yake ndimaiona, koma mtima umandiwawa ndikaganizira ana enawo. Anabadwira m'nyumba imodzi, analima munda umodzi, koma atakula anayenera kusankha: kukhala osakwatira pakhomo pa mbale wawo, kulowa unsembe, kupita kunyanja kukapha nsomba, kuwoloka kupita ku America, kapena kukaswa mphanje pamalo atsopano. Cha m'ma 1600 chimanga chochokera ku America chinafika m'mapiri mwawo n'kuyanjana ndi mvula yambiri ya kumeneko, chakudya chinachuluka, anthu anachuluka, ndipo nyumba zina zinayamba kumangidwa m'malo omwe kale kunali tchire. Oyandikana nawo sankavutika kufunafuna dzina. Ankangoti nyumba yatsopano ija, dzinalo n'kukhazikika, ngakhale nyumbayo itatha zaka mazana atatu.

Apa ndi pomwe pagona yankho la chifukwa chake dzinali lili ponseponse. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi nyumba yake yatsopano. Kwathu kuno a Phiri awiri akakumana paulendo amayamba kufunsana za kumudzi, poti chiwongo chimodzi chimanena za kholo limodzi lakalekale. Kwa a Etxeberria sizili choncho. Wa ku Gipuzkoa ndi wa ku Navarra, zigawo ziwiri za kumpoto kwa Spain, angakhale opanda ubale uliwonse wamagazi. Chowalumikiza n'chakuti kholo la aliyense linakhalapo m'nyumba yomwe anthu ankaitcha yatsopano.

Dzinali linasiya kutsata nyumba n'kuyamba kutsata bambo pamene linalowa m'mabuku. Msonkhano wa mpingo wa Katolika wa ku Trent, womwe unatha mu 1563, unalamula maparishi kuti azilemba maubatizo ndi maukwati. Olembawo ankalemba monga mwa Chisipanishi kapena Chifalansa, aliyense momwe khutu lake lamvera. N'chifukwa chake mbali ya Spain tili ndi Echeverría, mbali ya France Etcheverry. Ku Bizkaia, chigawo chomwe kuli Bilbao, amati barri m'malo mwa berri, ndiye kumeneko kunatuluka Etxebarria ndi Echevarría. Onsewa tanthauzo ndi limodzi.

Pa mayina ochokera ku Euskara, limeneli ndi limodzi mwa ofala kwambiri, makamaka ku Gipuzkoa ndi ku Navarra. Komabe ukatenga anthu onse okhala ku Bilbao kapena Vitoria lero, mayina otsogola ndi a Chisipanishi monga García ndi Fernández, mwa zina chifukwa mafakitale a zitsulo anakoka antchito ochuluka kuchokera mbali zina za Spain. Ndipo eni dzinali ambiri sali ku Ulaya n'komwe. Ali ku America, kumene ana osalowa m'nyumba aja anathera. Luis Echeverría anali mtsogoleri wa dziko la Mexico kuyambira 1970 mpaka 1976. Marco Etcheverry ndi mmodzi mwa osewera mpira otchuka kwambiri a ku Bolivia, ndipo anali m'timu yomwe inapita ku World Cup ya 1994. Claudio Echeverri, mnyamata wa ku Argentina yemwe Manchester City inamugula ku River Plate mu 2024, ali ndi dzina lomwelo. Ku Colombia, m'chigawo cha Antioquia, a Echeverri ndi ambirimbiri.

Kwawo kwenikweni kalembedwe ka tx kanabwereranso ndi mphamvu posachedwapa. Mu ulamuliro wa Franco, yemwe analamulira Spain kuyambira 1939 mpaka 1975, Euskara chinkaponderezedwa m'sukulu ndi m'maofesi. Mu 1968 bungwe la chilankhulochi, Euskaltzaindia, linakumana ku Arantzazu n'kuyala maziko a kalembedwe kamodzi, ndipo lero lamulo la ku Spain limalola munthu kukonzetsa dzina lake kuti lilembedwe monga mwa chilankhulo chake. Ine ndimasangalala ndikaona banja labwezera Etxeberria pa chitupa. Koma sindiona chifukwa chonyozera wa ku Mexico kapena ku Chile yemwe wasunga Echeverría, poti agogo ake anawoloka nyanja ndi kalembedwe kameneko.

Chomwe ambirife sitidziwa n'chakuti dzinali lili m'mabuku a ubatizo a maparishi athu omwe. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati Xavier, kapena kuti Javier, linachokera ku Etxeberri. Javier ndi dzina la linga lamiyala ku Navarra, kumene Francis Xavier woyera anabadwira pa 7 Epulo 1506. Bambo ake anali Juan de Jasso, mayi ake María de Azpilicueta, ndipo lingalo linali cholowa cha mayi. Dziko lonse limamudziwa ndi dzina la nyumba, osati la bambo ake. Iye anali chitsiriza m'banjamo, choncho naye anatuluka. Anapita kukaphunzira ku Paris mu 1525, kumene anakumana ndi Mbasque mnzake Ignatius wa ku Loyola, ndipo pamodzi ndi anzawo ena anayambitsa chipani cha Ajezwiti. Popita ku India mu 1541 chombo chake chinaima pa chilumba cha Mozambique, ndipo anakhala pomwepo miyezi ingapo akusamalira odwala asanapitirire ku Goa, komwe anafika mu Meyi 1542. Anamwalira pa 3 Disembala 1552 pa chilumba cha Shangchuan, pafupi ndi gombe la China. Abasque anasankha tsiku lomwelo, 3 Disembala, kukhala tsiku lokondwerera chilankhulo chawo chaka ndi chaka.