Mwagula Toyota 86? Yambani ndi matayala, osati ekizozi

Ambiri akangogula Toyota 86 amathamangira ekizozi yaphokoso. Phokoso limabweradi, koma liwiro silisintha kwenikweni.

Yambani ndi matayala. Galimotoyi inatuluka mu 2012, ndipo mitundu yake ya mawilo a mainchesi 17 inali ndi matayala a Michelin Primacy HP a 215/45 R17, omwe sagwira msewu mokwanira pokhota. Ikani Michelin Pilot Sport 4 a saizi yomweyo, onse anayi pakamodzi. Mukasintha akutsogolo okha, kumbuyo kumaterereka msanga, pajatu mphamvu ya injini imapita ku mawilo akumbuyo. Mukatero kapangitseni alignment.

Kenako mabuleki. Khuthulani brake fluid yakale, muthire ya mtundu wa DOT 4, yomwe ikakhala yatsopano siwira isanafike madigiri 230 Celsius. Yakale imakhala itayamwa chinyontho; ikatentha imawira, pedulo n'kumangolowa pansi. Ma pad opirira kutentha ndi abwino, koma a mpikisano enieni ayi: akazizira sagwira bwino, komanso amalira.

Injini ya galimotoyi, yotchedwa FA20, imafooka cha pa 4,000 rpm. Header (mapaipi otulutsa utsi mu injini) ndi tune (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini) zimachepetsa vutoli, bola tune yakeyo igwirizane ndi petulo amene mumathira, apo ayi injini imagogoda. Zipangizo zotsitsira galimoto pansi zidikire kaye, chifukwa mahampu ndi mayenje am'misewu yathu amaphwanya bampala.