Mmene ndinamangira dziwe la koi ku Johannesburg

Abwana omwe ndimawasamalira maluwa ankafuna dziwe lawo la koi, nsomba zowetera kukongola kwake, likhale pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa nyumba. Ndinawakaniza. Mu Okutobala maluwa a mtengowu amayoyoka tsiku lonse n'kukawolera m'madzi, ndipo mizu yake siichedwa kung'amba khoma. Tinasankha pomwe dzuwa limawomba m'mawa mokha, pokwererapo pang'ono kuti madzi a mvula asamakokolole feteleza wa pakapinga n'kumutsira m'dziwe.

Tinsomba tomwe mumationa m'shopu, tongofanana ndi chala, timanyenga. Koi imakula kupitirira masentimita 60 ndipo imatha kukhala zaka 25 kapena kuposa. Ndi nsomba ya mtundu wa carp yomwe alimi a ku Niigata ku Japan anayamba kuisankha mitundu m'zaka za m'ma 1800, choncho thupi lake n'lalikulu ndipo imadya kwambiri. Tinakumba mamita 4 m'litali, mamita 3 m'lifupi, kuya mita imodzi ndi theka, zomwe zimasunga malita 18,000. Kuyako musachepetse. M'Juni ndi Julayi kuno kumagwa chisanu, ndipo madzi osaya amazizira usiku umodzi wokha. Makoma ndinawaimika chilili, opanda potsetsereka, poti akakowa akapeza poima m'madzi amatola nsomba imodziimodzi mpaka kutha.

Konkire isanathiridwe, pansi ndinapapendeketsa kulozera pakati, pomwe ndinaika chibowo chotulutsira zinyalala ndi paipi ya mamilimita 110 yopita ku fyuluta. Paipi imeneyi ikaiwalika, ndiye kuti muzilowa m'madzi ndi ndowa kukawola ndowe za nsomba. Kenako zitsulo, konkire, makoma a njerwa, pulasitala. Simenti imatulutsa laimu amene amawononga madzi, n'chifukwa chake itauma tinamata mkati monse ndi fibreglass, chomatira cholimba chosalowa madzi.

Ntchito yeniyeni ili pa fyuluta, ngakhale alendo sayiyang'ana n'komwe. Kwathu mlimi wa chambo amathira manyowa m'damu kuti madzi abiriwire nsomba zipeze chakudya. Pa koi zimatembenuka: mwini wake akufuna aone nsomba yake mpaka pansi, ndipo chakudya chonse chimachokera m'thumba. Ndinamanga zipinda zitatu m'mbali mwa dziwe. M'choyamba madzi amazungulira pang'onopang'ono, zolemera n'kudikha pansi. M'chachiwiri muli maburashi ogwira tizinyalala totsala. Chachitatu chadzaza ndi tizidutswa ta pulasitiki pomwe pamamera mabakiteriya. Nsomba ikamapuma ndi kuchita chimbudzi imatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa iyo yomwe. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, yemwenso ndi woopsa, ena n'kumusandutsa nitrate, amene sapweteka akakhala wochepa. Pampu tinagula yotha kudutsitsa madzi onse mu fyuluta pa maola awiri alionse, ndipo siizimitsidwa usiku. Tinawonjezera nyali ya UV yopha ndere zobiriwitsa madzi, komanso kapampu ka mpweya ka batire. Magetsi akazima kwa maola angapo nyengo yotentha, nsomba zazikulu ndi zomwe zimayamba kubwera pamwamba, kukamwa kuli yasa.

Madzi a pampopi sitinangowatsegulira. Kuno muli chloramine, mankhwala ophera majeremusi omwe amapwetekanso nsomba, amene sauluka ngakhale madzi agone masiku, choncho tinathira mankhwala omuchotsa omwe amagulitsa m'mashopu a nsomba.

Apa m'pomwe tinasiyana maganizo ndi abwana. Dziwe litadzaza, madzi ali mbee, iwo ankafuna kukagula nsomba zonse Loweruka lomwelo. Koma fyuluta yatsopano ilibe mabakiteriya, ndipo kuti achuluke pamatenga milungu 4 mpaka 6. Ndinawapempha tiyambe ndi zing'onozing'ono zochepa. Thumba lomwe zinabweramo ndinaliyandamitsa m'dziwe kwa mphindi 20 kuti kutentha kwa madzi kufanane, kenako n'kuzitulutsa ndi kaukonde, madzi a m'shopu n'kuwataya pakapinga. M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi m'kabotolo, kudontheza mankhwala oyezera, n'kuyerekeza mtundu wake ndi khadi. Amoniya anakwera n'kutsika, nitrite n'kutsatira. Akakwera ndinkachepetsa chakudya ndi kusintha madzi pang'ono. Zonse ziwiri zitafika pa ziro m'pamene abwana anabweretsa koi zawo, Kohaku, woyera wamawanga ofiira, ndi Showa wakuda uja ankamulakalaka.

Tsopano sabata iliyonse ndimatsegula valavu ya chipinda choyamba kutaya matope, omwe ndimathirira maluwa, n'kubwezeretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi. Zosefera za chipinda chachitatu ndimazitsukuluza ndi madzi a m'dziwe momwemo, osati a pampopi, kuopa kupha mabakiteriya. Madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 10 ndimaleka kuzidyetsa, ngakhale zidzukulu za abwana zidandaule kuti nsomba zili ndi njala, chifukwa m'mimba mwake simugaya chakudya kukazizira chotero.