Tsiku limene keke inavina

Msuweni wanga atandipempha kuti ndikaike nyimbo pa ukwati wake ku Zomba, ndinavomera msangamsanga. Zida ndinabwereka kwa mnzanga: timasipika tiwiri tapamwamba, ndi zimabokosi ziwiri za besi za mainchesi 18, zolemera ngati matumba a chimanga. Anandilangiza kuti crossover, kachipangizo kogawa mawu pakati pa masipika, ndiisiye pa 100 Hz, kuti mawu onse okhuthala azipita ku zimabokosizo. Ndinangoti "eya, eya," ngati ndinabadwira mu situdiyo.

Bokosi lina ndinaliika pakona ya kumanzere, lina ya kumanja, pafupi ndi tebulo la keke. Ine ndi mikisa yanga tinakhala pakati penipeni pa holo, kuti aliyense aone kuti pabwera katswiri.

Perekani-perekani atayamba, besi sanamveke. Ndinapotokola kabatani ka besi pang'ono. Zii. Ndinaonjezera. Ziii. Mpaka timagetsi tofiira ta pa amplifaya tinayamba kuphethira, koma ine ndimangomva tsetsetse wa timasipika tapamwamba.

Anthu okhala chakukhoma anayamba kundikodola. Ndinayesa akuyamikira, ndiye ndinawakwezera chala chachikulu n'kuonjezeranso.

Kenaka anatulukira amalume, omwe anali ankhoswe, thukuta lili kamukamu.

"Mphwanga, tinakulakwira chiyani? Agogo ako akuti mtima wawo wayamba kutsatira nyimbo."

"Amalume, muno besi mulibe!"

Sanayankhe. Anandigwira dzanja ngati mwana wothawa sukulu n'kundikokera kukona. Masitepe angapo okha, buluku langa linayamba kupepheruka. Malata akulira, mabotolo a Fanta akuyenda okha patebulo, mayi wina atakumbatira keke ya nsanjika zitatu ngati mwana wodwala malungo.

Amene anatulukira vuto ndi kamnyamata ka kwaya, koyang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwawo. Kanasuzumira kuseri kwa bokosi n'kuseka. Waya wofiira ndinali nditauika polowa wakuda. Ndiye sipika ina ikamakankha mpweya, inzake imakoka, ndipo pakati, pamene mtunda wochokera ku mabokosi onse awiri ndi wofanana, mawuwo amangodyana. Pamenepo n'pomwe katswirife tinakhala. Kumakona, komwe makoma amaunjika besi, anthu ndiye amalandira zonse zomwe ndimaonjezerazo.

Tinaimitsa nyimbo. Kamnyamatako kanasintha mawaya, mayi uja anapumira m'mwamba n'kusiya keke, MC anapepesa alendo m'malo mwanga. Ndinabwerera pa mikisa nditazyolika, n'kudina batani loyimbira.

Kabatani ka besi kaja ndinali ndisanakabweze.

Ng'oma yoyamba itangoti "gu!", nsanjika yapamwamba ya keke inatsetsereka pang'onopang'ono, pamodzi ndi tizidole ta mkwati ndi mkwatibwi, n'kukagwera m'lichero la ndalama. Owerengera anakhala mpaka madzulo akupukuta ma K1,000 ndi nsalu yonyowa, ndipo nsaluyo amalume anauza ine kuti ndizikachapa.