Sabata ya mayenje m'minda ya ku Linthipe

Lolemba m'mawa ndisanatsegule n'komwe ofesi, ndinapeza bambo wina atakhala pakhonde, njinga ataitsamiritsa kumtengo wa mango. Moni tisanamalize anayamba: "Alangizi, feteleza wa masiku anoyu alibe mphamvu. Matumba awiri ndinathira chaka chatha, koma ngolo sinadzaze." Dandaulo limeneli ndimalimva chaka ndi chaka Okutobala akafika, anthu akayamba kusosa ndi kugalauza. Ndinawapempha kuti yankho tikalifunire limodzi kumunda, khasu lili m'manja.

Lachiwiri tinapitadi. Munda wawo ndi wa katondo, dothi lofiira lija lafala kuno ku Dedza mpaka kuchigwa cha Lilongwe. Katondo si dothi loipa, chimanga ndi fodya zalera mabanja ambiri pa dothi lomweli. Tinakumba dzenje mu mkwasa. Poyamba khasu linkalowa bwino, koma titafika ngati masentimita 20 linayamba kudumpha, kulira ngati tikutema njerwa yootcha. Ndinazula chitsa cha phesi la chaka chatha n'kuwaonetsa: mizu inatsika pang'ono, kenako n'kupindikira m'mbali ngati mbedza. Anachitembenuza kangapo chitsacho osayankhula.

Zimachitika chonchi: chaka chilichonse khasu limalekezera pamalo amodzi, mapazi ndi mvula n'kumatsendera pansi pake. Pamapeto pake pamapangika chinthu cholimba chimene muzu sungaboole, madzi sangalowe. Mvula ikagwa imathamanga mu mkwasa, kunyamula dothi lapamwamba ndi feteleza yemwe. Kukachita ng'amba ya masabata awiri, chimanga chimafota msanga chifukwa mizu yake ili pamwambamwamba.

Panalinso mboni zina ziwiri. Mitengo youma ya kaufiti inali mbwee kumtunda konse, ndipo kaufiti amakonda nthaka yoguga. Njere zake zimatha kugona m'dothi zaka zambiri kudikira chimanga. Yachiwiri inali mizere ya phulusa pamene anatenthera mapesi. Apa mtima umandipweteka kwambiri, chifukwa mapesi amenewo ndiwo chakudya cha nthaka. Dothi lopanda zowolerana lili ngati dengu lobooka, feteleza ukathira sakhalitsa. "Ndiye kuti feteleza uja sanalakwe?" anafunsa. Ndinati ayi bambo, munda wanuwu watopa.

Lachitatu linali la kutapa dothi lokayezetsa ku Chitedze, kumalo ofufuzira zaulimi. Timayenda mokhotakhota m'munda, kutapa malo angapo, lapamwamba palokha, lapansi palokha, kusakaniza mu ndowa yoyera n'kulemba pa jumbo. Chimene ndikufunitsitsa kudziwa ndi asidi. Katondo akachuluka asidi, muyeso wake wotchedwa pH n'kutsika pansi pa 5.5, fosifolasi, chakudya cha mbewu cha mu feteleza wokulitsa, amamangika m'dothi, mbewu osamupeza. Zikatero pamafunika laimu ndi manyowa, osati kuwonjezera thumba lina.

Lachinayi ndiye tsiku limene ndinasangalala nalo. Ndinali kudimba ndi kalabu ya amayi olima tomato, anyezi, mpiru ndi kabichi m'mbali mwa dambo. Kumeneko dothi ndi makande, lakuda bii, long'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Ndinanyowetsa pang'ono n'kulipota m'manja, linatuluka chingwe chachitali chopindika osaduka. Tinakwera mapazi ochepa kumtunda n'kuyesa dothi la kumeneko, linangoyoyoka, mchenga wokhawokha. Malo amodzi, nthaka ziwiri.

Agogo ena a m'kalabumo anaseka atandiona ndikupota dothi. "Mwana wanga, ife timadziwa ndi phazi. Likakumata mpaka kukuvula patapata, usabzalepo mtedza, udzausiya pansi pokumba." N'zoonadi, mtedza, mbatata ndi chinangwa zimafuna dothi lofewa lotayana. Makande ali ndi chonde, amasunga madzi, koma akakhuta amatsamwitsa mizu. Tinagwirizana kuti mabedi a tomato akwezedwe, athiremo manyowa owolerana bwino, aphimbire ndi udzu kuti pamwamba pasachite chikhakha. Ndinawachenjezanso za kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Ena sanakondwe nazo, poti madzi othirira ali pafupi pomwepo, koma gombe likagumuka dimba lonse limapita.

Lachisanu kunali msonkhano pabwalo la amfumu. Za mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando a masentimita 25, mbewu imodzi paphando, anthu akuzidziwa kale, sitinachedwepo. Za manyowa a chimato (mulu womata ndi dothi) ndi a changu (owola msanga), achinyamata anadzipereka kukaonetsa anzawo. Mkangano unabuka nditatchula nandolo. Muzu wa nandolo umatsika kwambiri, umatha kuboola pouma paja, masamba ake n'kumawonjezera chonde. Koma mayi wina anaimirira: "Alangizi, inu mukudziwa kuti kuno tikangokolola chimanga mbuzi timazimasula. Nandoloyo akhwimira kuti?" Sanalakwitse. Wina anawonjezera za ana otentha tchire posaka mbewa. Nkhani za nthaka zinasanduka za mudzi wonse, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa munthu mmodzi sangasunge mapesi pamene moto ukuchokera kwa mnzake. Amfumu anati akhala pansi ndi nduna zawo pa za ziweto ndi moto. Ine ndinangopempha kuti mitengo ya msangu yomera yokha m'minda isadulidwe, popeza imayoyola masamba m'dzinja, siphimba chimanga.

Loweruka popita kumsika ndinadzera njira ya kumunda wa bambo aja. Ndinawapeza ndi mwana wawo wamwamuna, piki atabwereka, akuswa pansi m'mikwasa ya kumtunda, thukuta lili kamukamu. Anali atamaliza mizere isanu ndi umodzi. Anandikodola n'kundifunsa ngati zitosi za nkhuku zingalowe m'malo mwa ndowe pa chimato, poti ng'ombe alibe. Ndinatsika pa njinga yamoto, tinapita kukaona kukhola kuti zilipo zochuluka bwanji.