Loweruka la mabatani 16

Ndikulemba izi cha m'ma 1 koloko usiku, makutu akadali kulira, ndiye mundikhululukire ngati nkhaniyi izikhotakhota.

Tulo tinandithera kusanache. Chinandidzutsa si china koma kabokosi kakuda kamene kakhala pa tebulo langa kwa milungu itatu tsopano, ka mabatani opotokola 16, mizere inayi ya anayianayi. Lero ndilo linali tsiku loyamba kukaimba nako pamaso pa anthu. Dzulo ndinagona ndikudziuza kuti zonse zili m'chimake, koma m'mawa mtima unakana, ndipo ndinayatsa kompyuta ndisanasukusule n'komwe.

Kwa inu amene simunakagwirepo kabokosi kotere, pakokha sikalira. M'kati mwake mulibe mawu ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi kutumiza manambala basi, kudzera mu MIDI, chiyankhulo chimene zida zoimbira zamagetsi zakhala zikumvanirana kuyambira mu 1983. Ukapotokola batani, iko kamauza kompyuta zinthu zitatu: njira imene uthenga ukudzera pa njira 16 zimene zilipo, nambala ya batanilo, ndi pamene lafika, kuyambira 0 mpaka 127. Kompyuta ndiyo imadziwa ngati nambalayo itsegule fyuluta (chosefa mawu, chimene chimadutsitsa ena n'kutsekereza ena), ikweze voliyumu, kapena iwonjezere delay (kubwerezabwereza kwa mawu). Pali manambala ena amene anthu anagwirizana kalekale, monga 7 ya voliyumu, 10 yokankhira mawu kumanzere kapena kumanja, 74 yowalitsa mawu, koma ambirife masiku ano timangodina pa pulogalamu pamene palembedwa MIDI learn, n'kugwedeza batani, pulogalamu n'kuligwira yokha.

Kuphweka kumeneko ndiko kunandisokoneza mutu. Popeza kulumikiza batani n'kwa kamphindi, ndinalumikiza chilichonse chimene maso anaona. Kabokosika kali ndi masamba anayi: ukadina kakiyi ka m'mbali, mabatani 16 omwewo amasanduka ena 16. Onse 64 ndinali nditawapatsa ntchito, ndikudzimva ngati ndamanga nyumba yosanja.

Cha m'ma 9 koloko anafika achemwali amene ndimaimba nawo, iwo pa maikolofoni, ine pa zamagetsi, kuti tidutsemo komaliza. Nyimbo yoyamba inayenda myaa. Yachiwiri ili pakati, ndinapita pa tsamba lachitatu kuti ndichepetseko reverb, kuja kumveka ngati uli m'chipinda chachikulu chopanda kanthu, pa mawu awo. Batani lomwelo pa tsamba loyamba linali la fyuluta ya besi, ndipo ndinali nditalisiya lotsegula mpaka kumapeto. Mu kompyuta reverb inali pansipansi, koma dzanja litangokhudza batani, inalumpha kuchoka pansipo kukafika pamwamba penipeni. Mawu awo anangoti bi, kumira.

Anachotsa maikolofoni pakamwa n'kundiyang'ana. "Achimwene, ndakulakwirani chiyani kuti mundiponye m'chitsime?"

Tinaseka, koma ine m'mimba munatentha. Zikanachitika madzulo sizikanakhala zoseketsa.

Cholakwa sichinali cha kabokosi. Batani la mtundu umenewu, limene amalitcha potentiometer, lili ndi poyambira ndi pothera, ndipo limanena pamene laloza, osati kuchuluka kwa mmene lasunthira. Kompyuta nayo sitsutsa, imangokhulupirira. Mankhwala ake alipo. Mapulogalamu ambiri ali ndi njira yotchedwa pickup kapena soft takeover, yoti kompyuta isamvere batani mpaka litadutsa pamene nambala ya m'kati ili. Mu pulogalamu yoimbira ya Ableton Live, mwachitsanzo, munthu amasankha pakati pa None, Pickup ndi Value Scaling. Ndinayesa pickup kwa theka la ola. Kulumpha kunatha, koma m'malo mwake kunabwera batani lakufa: upotokola, zii, upotokolabe, zii, kenako mwadzidzidzi lagwira. Ukakhala wekha m'chipinda zilibe kanthu. Pa siteji, masekondi awiri amenewo amatalika ngati mwezi.

Ena amathawa vutoli pogula mabatani ozungulira osatha, aja otchedwa encoder, okhala ndi timagetsi tozungulira m'mbali toonetsa pamene nambala ili. Kabokosi ka BCR2000 ka kampani ya Behringer kali nawo 32, ka Midi Fighter Twister kali nawo 16. Amenewo akalumikizidwa bwino salumpha, chifukwa batanilo palokha lilibe malo ake; limangotsatira zimene kompyuta ili nazo. Ndinawagwiritsapo ntchito ndipo sindiwanyoza. Koma amafuna maso. Batani lokhala ndi pothera chala chimaliwerenga chokha: kamzere kotumphuka pamutu pake kamakuuza, ngati muvi wa wotchi, kuti lili pa 9 koloko kapena pa 2 koloko, ndipo likafika kumapeto limakana, ngati chitseko chimene chatsekeka. Mumdima ine ndimakhulupirira chala kuposa timagetsi.

Funso limene linakonza tsiku lonse linachokera kwa achemwali, amene za MIDI sazilabadira n'komwe. Anati, "Pa nyimbo zisanu ndi ziwirizi, mabatani amene mumawagwiradi ndi angati?"

Ndinatenga pepala n'kuyamba kuwerenga, nyimbo ndi nyimbo. Anakwana 11. Pa 64 aja, 11 okha. Enawo ndinawalumikiza chifukwa zinali zotheka, osati chifukwa nyimbo inawapempha.

Choncho kuyambira 11 koloko mpaka masana ndinali pa ntchito yogwetsa nyumba yosanja ija. Masamba atatu ndinawafufuta onse, mtima ukuwawa pang'ono chifukwa ndinatayirapo mausiku angapo. Lamulo linakhala limodzi: batani lililonse ntchito imodzi, pa nyimbo zonse, osasintha. Mzere wapamwamba wa ng'oma, wachiwiri wa besi, wachitatu wa zoimbira zina, wapansi wa mawu a achemwali. Kumanzere kwenikweni fyuluta nthawi zonse, kumanja kwenikweni delay nthawi zonse. Pamene masamba palibe, batani ndi kompyuta sizisemphananso, ndiye pickup ndinaizimitsa. Ndinadula tepi ya pepala n'kulemba mayina ndi cholembera chachikulu, ndipo pamutu pa batani la reverb lija ndinamatapo kachidutswa kokhakhala kuti chala chizilizindikira chisanalipotokole.

Chinthu chimene ndinachedwa nacho kwambiri ndi malire. Masitepe 128 aja, a 0 mpaka 127, amamveka ambiri, koma ukawatambasula pa fyuluta yoyenda kuchokera pa mawu otsikitsitsa (20 Hz) mpaka okwera kwambiri (20,000 Hz), n'kukweza resonance imene imanola mawu a pamene fyuluta ikudulira, khutu limayamba kumva makwerero m'malo mwa chitsetse chosalala. Pali njira yophatikiza mauthenga awiri kuti masitepe akwane 16,384, ndipo MIDI 2.0 imene inavomerezedwa mu 2020 imapitirira pamenepo kutali, koma kabokosi kanga n'ka 128 basi. Ndiye ndinauza pulogalamu kuti batani lisamayende mtunda wonsewo, lizingoyenda m'chigawo chimene besi yanga imamvekera bwino. Masitepe ndi omwewo, mtunda wafupika, makwerero aja anazimirira. Chimodzimodzi ndi feedback ya delay, kuchuluka kwa mawu obwerezedwa amene amabwereranso mu delay momwemo: ndinaitsekera malire pang'ono chabe isanafike poyamba kudzidya yokha n'kulira ngati sairini. Tsopano ndikhoza kulikhotetsa batani mpaka kumapeto mopanda mantha, ngakhale dzanja likunjenjemera.

Ndili pa tepipo ndinaganiza za mmene zinthuzi zimazungulirira. Chaka chomwecho cha 1983, pamene Dave Smith wa Sequential Circuits ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland anaona MIDI imene anailimbikira ikulumikiza makiyibodi a makampani awo awiriwo, Prophet-600 ndi Jupiter-6, pa chionetsero cha zida zoimbira cha NAMM, Yamaha inatulutsa DX7, kiyibodi imene inagulidwa kwambiri koma inalibe mabatani opotokola osinthira mawu. Munthu ankasankha chinthu pa kasikirini kakang'ono, n'kuchisintha ndi kotsetsereka kamodzi, ndipo ambiri ankangoimbira mawu amene anabwera nayo. Zaka zochepa pambuyo pake, anyamata a ku Chicago anatenga TB-303 ya Roland, kamakina ka besi kamene sikanayende malonda, n'kumapotokola mabatani ake nyimbo ili m'kati, mpaka panabadwa mtundu wa nyimbo wotchedwa acid house. Kamakinako kanali kochepa mphamvu poyerekeza ndi DX7, koma kanali ndi pogwira. Ifenso lero tili ndi kompyuta zotha kuchita chilichonse, koma tikugula timabokosi kuti manja apeze pogwira, chifukwa mausi imagwira chinthu chimodzi pa nthawi imodzi pamene manja ndi awiri.

Masana ndinagonako pang'ono. Cha m'ma 5 koloko tinali titafika pamalopo kukayesa zida.

Akulu a pa mikisa anayang'ana kabokosi kanga kodzaza tepi n'kufunsa, "Mphwanga, chingwe cha USB icho mwachimanga?" Ndinati ayi. Sanayankhe, anangong'amba tepi yawo yakuda n'kuchimatiza pa tebulo malo awiri, n'kusiya kagoli kakang'ono pafupi ndi polowera kuti chikakokedwa chisazuke. Ndinawathokoza kawiri. Chingwe chimenecho chikazuka nyimbo ili m'kati, mapulogalamu ena salumikizananso ndi kabokosi mpaka utalowa m'makonzedwe, ndipo pamenepo anthu akukuyang'ana.

Tinakwera pa siteji 9 koloko itangodutsa. Magetsi amene anatiyatsira anali ofiira ndi obiriwira, othwanimathwanima, moti zonse zimene ndinalemba pa tepi sizinkawerengeka ngakhale chilembo chimodzi. Ndinachita mantha kwa kamphindi, kenako ndinaona kuti dzanja lapita kale kumanzere, mzere wachiwiri, lokha.

Pa nyimbo yachisanu achemwali anachita zimene sitinapangane. Atafika pothera ndime sanasiye, anabwereza mzere womaliza, n'kubwerezanso, maso atatseka. Kale ndikanathamangira mausi kukasaka chochita pa sikirini. Lero dzanja lamanzere linayamba kutseka fyuluta ya ng'oma pang'onopang'ono mpaka zinatsala kugunda ngati zili kuseri kwa khoma, lamanja likukweza delay pa mawu awo mpaka batani linakana. Mawu amodzi anasanduka khamu. Ndinamva chipinda chonse chikudikira. Iwo atatsegula maso n'kundigwedezera mutu, ndinabweza mabatani onse awiri nthawi imodzi, ng'oma zinagwa ngati mvula ya matalala pa malata, anthu anakuwa. Sikirini sindinaiyang'ane n'kamodzi komwe pa mphindi zonsezo.

Sikuti zonse zinayenda bwino ayi. Pa nyimbo yomaliza ndinaiwala kubweza fyuluta ya besi, moti ndime yoyamba yonse inalira yopyapyala, ndipo akulu a pa mikisa anandiyang'ana ali manja m'mwamba kufunsa kuti besi yapita kuti. Batani lokhala ndi pothera limakhala pamene walisiya, silikukonzera. Ndiyenera kuzolowera kudutsa ndi chala pa mzere wonse nyimbo ikatha.

Tikulongedza, panabwera mnyamata wina amene anaima kutsogolo usiku wonse. Anati ankaganiza kuti anthu a malaputopu amangodina batani limodzi n'kumanamizira, koma lero ankaona dzanja likuyenda n'kumva mawu akusintha nthawi yomweyo. Ndinamuveka mahedifoni, n'kumuyatsira besi, n'kumulozera batani lakumanzere. Analipotokola mwamantha poyamba, kenako uku ndi uku, akuseka yekha, mpaka akulu aja anazimitsa magetsi a pa siteji.

Pano kabokosika kali pa tebulo, tepi ina yamatuka ndi thukuta. Ndawerenganso: pa 11 aja, awiri sindinawakhudze usiku wonse, ndipo pa asanu amene ndinawasiya opanda ntchito, limodzi ndikufuna kulipatsa ntchito yotsitsa ng'oma ndi besi pamodzi, chifukwa pa nyimbo yachisanu ija ndinasowa dzanja lachitatu. Zimenezo n'zamawa. Makutu akuliradi.