Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Timadontho ta pansi pa lilime

Mwana wanga wachiwiri atakwanitsa chaka, thupi langa linakana kubwerera mwakale. Nthawi imeneyo tinkachita lendi ku Chibavi, ine ndikugulitsa kaunjika mumsika wa Zigwagwa. Ukwati wa mng'ono wanga unali mwezi wa Ogasiti, nsalu ya yunifomu itagulidwa kale, ndipo telala atandiyeza m'chiuno anangoti, "Mayi, apa tiwonjezere theka la mita." Sanalankhule mwachipongwe ayi, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba, ndinagona nawo, ndinadzuka nawo.

Ku banki mkhonde yathu kunali mayi wina amene ankaoda katundu ku Johannesburg. Tsiku lina titatha kuponya masheya, anatulutsa m'chikwama kabotolo kangati ka mankhwala a m'maso.

"Asisi, awa ndi a mahomoni, dzina lake hCG. Timadontho khumi pansi pa lilime, katatu pa tsiku. Njala simuimva, mafuta amasungunuka okha."

Anationetsa zithunzi pafoni: mzimayi yemweyo, uku wonenepa, uku chiuno chili ngati cha mavu. Mtengo wake unali K45,000. Ndalamayo ndinakongola pomwepo, bambo a kunyumba osadziwa.

Kabotoloko kanabwera ndi pepala, ndipo nkhani yonse inagona papepalapo, ngakhale ine sindinazindikire. Linati ndizidya makalori 500 okha pa tsiku, pomwe mzimayi wamkulu amafunika pafupifupi 2,000. M'mawa tiyi wopanda shuga. Masana kachidutswa ka nkhuku kosenda khungu ndi masamba owiritsa, opanda mafuta ngakhale dontho. Madzulo chimodzimodzi, ndi kachipatso kamodzi. Nsima ayi, kondowole ayi, mbatata ayi.

Amene munakhalapo ku Mzuzu mwezi wa Juni mukudziwa mmene kumazizirira, chifunga chitakuta mpaka dzuwa kukwera. Ndinkaphikira banja nsima, kupakula, fungo la usipa lili guu m'nyumba, ine ndikukhala pambali ndi kambale ka kabichi. Zoti njala simuimva linali bodza. Ndinkaimva mpaka m'mafupa. Manja ankanjenjemera ndikamamasula belo, usiku mtima unkagunda mosalongosoka, ndipo ndikapesa, chipeso chinkadzaza tsitsi. Koma mnyamata wa sikelo wa pafupi ndi depoti atandiyeza patatha masabata atatu, ndinali nditatsika ndi makilogalamu 6. Ndinayamika kabotolo.

Mumsika anthu anayamba kunong'onezana. Kwathu kuno munthu akaonda mwadzidzidzi, mukudziwa zimene anthu amaganiza. Zimenezo ndinazipirira. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mwana. Mkaka unachepa, ankayamwa n'kusiya, n'kulira, n'kubwereranso, ine ndikumukalipira kuti wayamba matama.

Lachisanu lina ndinawerama kuti nditole malaya amene anagwa pabenchi. Ndinaona mdima. Podzidzimuka ndinali pansi, anzanga akundipepesera ndi chitenje, wina akundimwetsa Sobo. Anandikweza kabaza mpaka ku Katawa kwa azakhali anga, amene anagwira unamwino zaka zambiri asanapume.

Azakhali sanandikalipire. Anawerenga pepala lija kawiri, kenaka anatembenuza kabotolo m'manja.

"Mwana wanga, ukudziwa kuti hCG n'chiyani?"

"Ayi azakhali, anangoti ndi mahomoni."

"Ndi homoni imene thupi la mayi limapanga akaima. Imachokera ku nsengwa. Ndi imene kachipangizo koyezera mimba kamafufuza mumkodzo. Tiye tione."

Anatuma mdzukulu wawo kukagula kachipangizo kamodzi. Anathira madzi pang'ono m'kapu, kudonthezamo mankhwala anga a K45,000 aja, n'kuviika. Tinakhala chete tikuyang'ana, ketulo ikulira pambaula. Panatuluka mzere umodzi. Tinadikirabe mphindi zisanu. Mzere umodzi womwewo.

"Ine sindine labu," anatero, "koma m'menemu sindikuonamo kanthu. Ndipo ngakhale ikanakhalamo, homoni imeneyi ndi puloteni. Ukaimeza, mimba imaigaya ngati nyama. N'chifukwa chake kuchipatala amachita kubaya, ndipo amabaya amayi amene akuvutika kutenga pathupi, osati ofuna kuonda. Wakuondetsa iwe ndi njala. Aliyense amene angadye ngati mmene wadyeramu aonda, kaya ali ndi kabotolo kaya alibe."

Anandifunsanso ngati ndinafufuza kuti bungwe la PMRA, limene limavomereza mankhwala m'dziko muno, linawavomereza. Ndinangoyang'ana pansi.

Nditachira ndinayamba kuwerenga ndekha, chifukwa mtima sunkandipatsa mtendere. Nzeru imeneyi si yatsopano. Anayambitsa ndi dokotala wa ku Britain, Albert Simeons, amene ankagwira ntchito ku Rome, ndipo anailemba mu 1954. Iye ankabaya anthu jakisoni wa hCG n'kuwapatsa chakudya cha makalori 500 chomwechi. Akatswiri ena anayesa pobaya gulu lina homoni, gulu lina madzi amchere chabe, onse akudya mofanana, ndipo onse anaonda mofanana. Mu 1995 ofufuza a ku Netherlands anaunika kafukufuku 24 wa nkhaniyi n'kupeza kuti palibe umboni woti hCG imaondetsa, imachotsa njala kapena kusuntha mafuta m'thupi. Mu Disembala 2011 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalembera makampani asanu ndi awiri ogulitsa timadontho totere, kuwachenjeza kuti malonda awo ndi osaloledwa. Linanenanso kuti kudya pang'ono chonchi kungayambitse timiyala mu ndulu, kusokoneza mchere wa m'magazi ndiponso kagundidwe ka mtima. Nditawerenga za mtimazo ndinakumbukira usiku uja ku Chibavi, ndipo ndinalira. Zinthu zimene eni ake anazikana kalekale zinadzandipeza ine pansi pa mtengo wa mapeyala, pa banki mkhonde, zikutchedwa zatsopano.

Mayi uja ndinamupitira kunyumba kwake. Sindikhulupirira kuti ankafuna kundipweteka, chifukwa nayenso ankadontheza, milomo itauma ngati yanga. Ndinamufotokozera za mzere umodzi uja. Anandiyankha kuti, "Asisi, mwina magazi anu sanagwirizane nawo. Kukubwera ena amphamvu mwezi wamawa." Ndinamupempha kuti asawagulitse kwa mayi aliyense woyamwitsa. Sanandiyankhe.

Makilogalamu 6 aja anabwerera onse ukwati usanafike. Mkaka unabwerera pang'onopang'ono, azakhali akundiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu. Ndinabwerera kwa telala uja n'kumuuza kuti awonjezere theka la mita lija. Ngongole ya ku banki, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndinamaliza kubweza mu Okutobala, ndipo tsiku limenelo m'pamene ndinawauza bambo a kunyumba zonse.