Sabata yolimbana ndi msuzi wa kumtaya

Mtaya wa zinyalala wa ku Zomba wadzadza, ndiye tikukumba dzenje lina pambali pake. Ntchito yanga ndi kutchinga madzi akuda onunkha amene amatsika zinyalala zikavunda, omwe anyamata anga amangowatcha "msuzi", kuti asalowe pansi n'kukafika m'zitsime.

Lolemba linali la dongo lomata pansi pa dzenjelo. Kuthira pang'ono, kunyowetsa, rola n'kupsinja, kuthiranso. Kapitawo ankafuna tikhuthule lonse kamodzi poti dizilo wakwera mtengo. Ndinakana. Dongo lochindikala limalimba pamwamba pokha, pansi lili wekeweke.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinayala pamwamba pa dongolo pulasitiki wolimba wotchedwa HDPE, wochindikala mamilimita 2. Dzuwa la Okutobala samvana nalo: ikamati 11 koloko wafufuma kale, makwinya ngati chitenje chosasita, choncho misoko yolumikiza pulasitikiyo timawotcherera mbandakucha. Msoko uliwonse uli ndi kampata pakati. Timapopamo mpweya n'kuyang'anitsitsa geji. Pa msoko wachinayi singano inatsika. Fumbi linalowa powotcherera, basi tinadula n'kuyambiranso. Masana mnyamata wina anagwetsa khasu pa pulasitikiyo.

"Bwana, kabowo kake n'kochepa ngati nsawawa."

"Achimwene, msuzi sufuna khomo lalikulu. Tengani chigamba."

Lachinayi ndinakatunga madzi oti akayezedwe pa mjigo wa kumunsi kwa mtayawo. Mayi wina, ndowa ili pamutu, anandifunsa: "Bambo, tizimwabe kapena tisiye?" Ndinangoti zotsatira zikabwera ndidzazitula kwa a mfumu, koma funsolo linanditsata mpaka kunyumba. Ife a m'tauni timamwa madzi a m'damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri, kumene msuzi sungakwere. Zinyalala n'zathu, koma woyamba kumwa zotsalira zake ndi mayi uja. Zikakokoloka n'kulowa mu Likangala zimakathera ku Chilwa, nyanja yopanda potulukira, ndipo matemba ake timadya tonse.

Lachisanu tinayala mapaipi obowolabowola opita ku dziwe losungira msuzi. Tinakangana ndi anzanga a pantchito pa kukula kwa dziwelo. Ine ndinawakumbutsa mvula ya namondwe Freddy ya mu Malichi 2023, kuti dziwe likasefukira pulasitiki yense uja watayika pachabe. Anavomera kuwonjezera, monyinyirika. Miyala ya kwale yokwirira mapaipi ndiye sinafike, ati lole yathyoka sipulingi ku Namadzi. Poweruka ndinaona mitambo ikusonkhana pa phiri, ndipo ndinauza mlonda kuti kukangowaza andiimbire, ngakhale pakati pa usiku.